Bowo Lopumira Moto

Phulusa ndinkalichotsa ndi supuni. Kafosholo kake kanalipo, kali pa msomali pomwe Bambo ankakapachika, koma ndinasankha supuni yakale yopindika khosi kuti ntchito isathe msanga. Supuni imodzi, m'chitini. Ina, m'chitini. Linali phulusa la chaka chatha, la moto womaliza kuyaka m'chipinda chimenecho, ndipo amene anaukoleza ndinali ine.

"Iwe, ukuchotsa phulusa kapena ukusankha mpunga?" anakuwa Amayi ali kukhitchini. "Akulu ako akutuluka m'chipatala masana ano. Adzapeze chipinda chikuzizira ngati m'firiji?"

"Ndikumaliza, Amayi."

Sindinkamaliza. Mwana wa akulu anga anabadwa masiku asanakwane, kakang'ono ngati botolo, ndipo anamwino anati chachikulu ndi kumusunga pofunda. M'nyumba mwathu monse chipinda chokhala ndi moto chinali chimodzi chokha, cha Bambo, chimene tinachitseka kuyambira tsiku limene anamwalira.

Chitofu cha m'chipindamo Bambo anachipanga okha. Bambo anali owotcherera zitsulo, ndipo anachidula ku silinda yakale ya gasi, n'kuchiika miyendo itatu, kachitseko kutsogolo, ndi paipi yotulutsa utsi yoboola khoma. Mkati mwa paipiyo munali kachitsulo kozungulira ngati chivundikiro cha chitini, kotembenuzidwa ndi chogwirira cha panja. Bambo ankakatcha lilime. Chogwiriracho chikaima motsata paipi, utsi ukutuluka bwino. Chikapingasa, njira yatsekeka. Ndiye pansi pa khoma, pafupi ndi bedi, anachotsa theka la njerwa n'kuikapo kawaya ka sefa kotchinga makoswe. Pabowo limenelo pankalowa mphepo yozizira ngati mpeni.

Malamulo awo ndinkawadziwa ngati pemphero. Nkhuni uziyamba waziombanitsa: zikalira mopepuka zauma, zikalira ngati wamenya thumba zibwezere padzuwa. Zazikulu pansi, timitengo pamwamba, moto uyatsire pamwamba kuti utsi upsere momwemo. Usadzaze chitofu ngati ukupakira katundu. Lilime likhale lotsegula poyatsa, moto ukagwira ulipendeketse pang'ono, osalipingasa. Chovala usayanike pa paipi. Phulusa m'chitini chovundikira, panja. Bowo la pansi usalitseke.

"Moto ndi munthu," ankatero. "Umadya, umapuma. Ukaugwira pakhosi umabwezera."

Bambo sanali munthu wofotokoza zifukwa. Ine ndinkayesa kuti kubwezera kwa moto n'kuzima basi.

Tsikulo linali Lamlungu, kamvula kakuwaza kuyambira m'mawa. Bambo anali atadwala chifuwa milungu itatu. Amayi anapita kukagula mankhwala, akulu anga anali kwa amuna awo, panyumba tinatsala awiri. Nditalowa kukaonjezera nkhuni cha m'ma thu koloko, ndinawapeza atadzipinda pabedi, bulangete likunjenjemera.

"Mphepo iyi ikundilowa m'mafupa, mwanawe," anatero, maso otseka.

Ndinaika dzanja pabowo lija. Mphepo inkawomba ndendende kumapazi awo. Ndinali ndi mkono wa juzi yanga yakale ya kusukulu, umene Amayi anaudula kuti tizipukutira mawindo. Ndinadikira mpaka Bambo atayamba kupuma mwa tulo, ndinaupinda mkono uja n'kuufinyira m'bowo. Ndinaponya zikuni ziwiri zazikulu, zonyowa pang'ono chifukwa zouma zinali zitatha. Ndinapingasa lilime kuti kutentha kusathawire kunja. Ndinatseka chitseko pang'onopang'ono, n'kuchikoka mpaka chinagwira. Kenako ndinakachapa, ndinawerenga pakhonde, ndipo mumtima ndinkadziyamikira kuti ndine mwana wosamala.

Ndinabwerera ndi tiyi patapita maola atatu. M'chipindamo munali mofunda bwino, mwa zii. Moto unali utasiya kuyaka, ukungonyeka pansi pa zikuni zija. Bambo anagona chagada, nkhope yosalala, ngati munthu amene wachira. Ndinawaitana katatu. Mutu unayamba kundigunda. Ndisanakuwe, ndisanathamange, ndinagwada n'kusolola mkono wa juzi uja, ndinaubisa m'thumba la diresi, n'kuongola lilime. Ndinkaopa kuti akadzuka andikalipira.

Aliyense anati ndi chifuwa. Nanenso ndinati ndi chifuwa, mpaka teremu yotsatira pamene aphunzitsi a sayansi analemba pabolodi za mpweya wina umene umatuluka moto ukasowa mpweya wabwino. Anati ulibe fungo, ulibe mtundu. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, tulo tokoma, ndipo amene wagona kale sadzukanso. Odwala ndi makanda ndiwo amayamba. Anzanga ankaseka za agogo awo ogona ndi makala m'nyumba. Ine ndinalemba zonse bwinobwino, ndinajambula mzere kunsi kwa mutu wake ndi rula. Funso limenelo linabwera pa mayeso. Ndinakhoza.

Kuyambira pamenepo ndinkamva kulira kwa chitsulo. Chitofu chikamazizira chimachita te, te, te, ngati munthu akugogoda ndi chikhadabo. Masana alionse, cha m'ma faifi, ndinkamva kugogodako kuseri kwa chitseko chotseka, m'chipinda mopanda moto. Amayi ankati ndi malata akuzizira. Mwina analidi malata. Mkono wa juzi ndinausunga pansi pa sutikesi yanga, ndipo ngakhale patapita chaka, mabuku anga onse ankanunkha utsi.

Kuyankhula sindinali wokonda kale lomwe, ndiye palibe anadabwa nditaonjeza kukhala chete.

Phulusa litatha ndinatuluka panja, ndinakwera pa mpando, n'kulowetsa waya womangirira sanza m'paipi. Mwaye unagwa wambiri, pamodzi ndi udzu wouma wa mbalame zimene zinayamba kumangamo chisa. Ndinaombanitsa nkhuni imodziimodzi. Ndinayala zazikulu pansi, timitengo pamwamba, ndinayatsa. Lawi linaima lowala, likukokera kupaipi, ndipo nditapita kukayang'ana kunja, utsi unali wochepa, wongooneka ngati mpweya wa m'kamwa m'mawa wozizira. Bambo akanagwedeza mutu osanena kanthu. Uku ndiko kunali kuyamikira kwawo.

Galimoto inalira hutala cha m'ma wani. Alamu anga ndi dalaivala wa lole, munthu amene mawu ake amafika iye asanafike. Analowa atanyamula zikwama zitatu ndi beseni kumutu.

"Odi kuno! Tsegulani njira, bwana wamkulu wafika! Makilo awiri osakwana, koma ukali wake ndi wa matani khumi!" Atandiona anaika beseni pansi. "Aa, a Wailesi! Mwaswera bwanji? Mabatire sanagulebe, eti?"

Wailesi ndi dzina limene anandipatsa atangokwatira akulu anga. Amati ndine wailesi yokongola, vuto ndi mabatire. Ndinamwetulira, chifukwa ndiyo ntchito yanga m'nthabwala imeneyi.

Akulu anga analowa pang'onopang'ono atagwira khoma, Amayi akutsatira ndi mwana. Pakhomo la chipinda onse awiri anaima. Amayi anayang'ana bedi, kenako anati, "Tiyeni, nyumba ndi ya amoyo." Anandipatsira mwana kuti ayale bwino. Anali wopepuka ngati buledi. Zala zake zinagwira kolala yanga osaisiya.

"Wakukonda," anatero akulu anga. "Waona kuti uyu sangamusokose."

Alamu ndi amene anayamba kuimva mphepo. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuvula nsapato, kenako anakweza mapazi ngati waponda minga.

"Iii! Kodi muno muli mtsinje? Bowo ili ndi la chiyani, geti la makoswe?"

"Ndi la apongozi anu," anayankha Amayi. "Ankati moto upumirepo."

"Moto uli ndi mphuno? Ayi, Amayi, mwana uyu atiuza kuti mphepo isamukhudze." Anatenga nyuzipepala m'chikwama, anaifinya, n'kuikankhira m'bowo. Podutsa pa chitofu anaona chogwirira chija. "Nanga ichi? Oo, ndaona, ndi giya. Taonani mmene nkhuni zikuthera, ngati tikuwotcha njerwa. Tiike giya yotsika." Anachipingasa.

Lawi linagwada. Ndinaliona likufiira, likufupika.

Ndinadikira. Alamu atatuluka kukatsitsa katundu wotsala, Amayi atapita kukateleka madzi, ndinasolola nyuzipepala ija n'kuiponya pamoto, ndinaongola lilime. Akulu anga anali akuyamwitsa, sanaone. Ndinaganiza kuti ndingathe kumachita choncho nyengo yonse yozizira: iwo azitseka, ine ndizitsegula, osanena kanthu kwa wina aliyense.

Koma Alamu ali ndi mapazi omva. Atabwerera anayang'ana pansi, anayang'ana ine.

"Makoswe a nyumba ino amawerenga nyuzipepala, eti? Amatenga yonse, ndi tsamba la mpira lomwe."

Anatsekanso, ulendo uno ndi thaulo. Amayi anandituma kusitolo kukagula sopo ndi mafuta a mwana. Ndinati ndipita kenako. Anati tsopano. Kusitolo kunali mzere, wogulitsa anali kukangana ndi munthu wobweretsa katundu, ndipo ine ndinaima pamenepo ndi sopo m'manja, mtima ukuwerenga mphindi. Pobwerera ndinathamanga. Ndisanalowe pageti ndinayang'ana paipi. Utsi unkatuluka pang'onopang'ono, wakuda, wolemera, ukutsikira pakhoma ngati waiwala njira yakumwamba.

Chitseko cha chipinda chinali chotseka. Mkati ndinapeza Alamu atagwada ndi kathabwa ndi hamala ya Bambo, misomali ili kukamwa. Msomali umodzi unali utalowa kale. M'chitofu anali atadzazamo zikuni za pansi pa mulu, zija ndinazipatula chifukwa chosalira bwino. M'chipinda munali mofunda. Munali mofunda chimodzimodzi.

"Tsopano makoswe abwere ndi loya," anatero Alamu, misomali ikugwedera pamilomo.

Akulu anga anali atatsamira khoma, maso akulemera. "Mutu ukundiwawa, Amayi," anatero. "Ngati wina wandimanga lamba."

"N'kutopa, mwanangu. Kubereka si masewera. Gona." Amayi nawonso anayasamula. Anasuzumira m'kabulangete. "Koma mwana uyu ndi wofatsa! Kuyambira muja sanalire. Watengera amayi ake aang'ono."

Chitofu chinati te. Te, te.

Sindikukumbukira mmene ndinawolokera chipindacho. Ndinakankha zenera mpaka linamenya khoma, ndinatsegula chitseko n'kuchitchinga ndi mpando, ndinaongola lilime. Chogwirira chinandiwotcha koma ndinazimva pambuyo pake.

"Iwe! Wapenga?" Amayi anaphimba mwana ndi thupi lawo. "Tseka zenera ilo!"

"Bambo anakana kutseka bowo," ndinatero. Mawu anga anatuluka aang'ono.

"Bambo ako anakana zinthu zambiri. Anakana shuga, anakana nsapato za pulasitiki. Iwowo analibe khanda la makilo awiri."

"Pali mpweya wina woipa. Sumveka fungo. Tinaphunzira."

Alamu analavulira misomali m'dzanja n'kuseka. "Tamverani! Wailesi yayaka! Ndipo yayambira pa pulogalamu ya sayansi!" Sankanyoza, ndi mmene alili. "Mlamu wanga, utsi ndimaudziwa, ndimagona m'lole ine. Utsi umatsokomoletsa, umaliza maso. Muno wakutsokomola ndani? Dikira ndimalize, ukatiphunzitse bwino titakhala pansi." Anaika msomali wachiwiri pathabwa.

Ndinawaona onse atatu: anthu abwino, otopa, ofuna kuti mwana afunde. Ndinadziona ndekha mwa iwo, ndi mkono wa juzi m'manja. Lamulo la Bambo linali litakanika. Buku linali litakanika. Chinatsala chinali chimodzi, ndipo ndinadziwa kuti ndikachitulutsa, Amayi sadzandiyang'ananso ngati kale.

"Musakhome," ndinatero. "Ndikubwera. Alamu, chonde, musakhome."

Mwina ndi chonde ameneyo, chifukwa hamala inaima m'mwamba. Ndinapita kuchipinda kwanga, ndinakhuthula sutikesi pansi, ndinabwera nacho. Ndinachiika pa bedi pafupi ndi bondo la Amayi. Chinali chopindika monga ndinachipindira, mbali imodzi yakuda ndi fumbi la njerwa.

Amayi anachitenga. Pachigongono panali chigamba chimene anasoka okha ndi ulusi wosiyana mtundu. Anachisisita ndi chala.

"Ichi ndinachifunafuna," anatero. "Chinali kuti?"

"Chinali m'bowomo. Tsiku lija."

Kunja galimoto inadutsa, mwana wina wa kwa aneba anaitana galu.

"Anati mphepo ikuwalowa m'mafupa. Ndinatseka bowo ndi ichi. Ndinaika zikuni zonyowa, ndinapingasa lilime, ndinatseka chitseko. Zonse zimene mwachita lerozi, ine ndinazichita, ndipo ndinazichita bwino kuposa inu, chifukwa panalibe wina wobwera kudzatsegula. Nditalowa munali mofunda chonchi. Mutu unandiwawa ngati mmene ukuwawira akuluwa. Bambo sanatsokomole, Alamu. Ndinali pakhonde pomwepa, ndikanamva. Anali ofatsa." Ndinayang'ana kabulangete kaja. "Anali ofatsa kwambiri."

Akulu anga ndi amene anayamba kusuntha. Analanda mwana m'manja mwa Amayi, anadzuka osagwira khoma, n'kupita naye pakhomo pomwe mphepo inkalowa. Anamufundukula kumaso, anamusisita tsaya, anamugwedeza kaphazi. "Dzuka, bambo. Dzuka, iwe." Kamwa kanatseguka kopanda mawu. Kenako nkhope inakwinyika, ndipo kulira kunatuluka, kowonda, kokwiya, ngati chitseko cha dzimbiri.

Alamu anatembenuza hamala, anakola msomali uja ndi mano ake, anauzula. Anasolola thaulo. Mphepo inalowa, lawi linadzuka m'chitofu n'kuyamba kukokera kupaipi. Anakhala pansi pomwepo, atagwira mutu.

"Ndikaliza galimoto," anatero Alamu, mawu atatsika. "Akamuone anamwino. Ndi mayi ake omwe."

Amayi sanasunthe. Anali atagwira mkono wa juzi ndi manja awiri, akuyang'ana pilo.

"Chinali chifuwa," anatero. "Anatiuza kuti chinali chifuwa."

Anali kundipatsa khomo lotulukira. Ndinaliona. Ndikanangoti inde, tikanapinda nkhaniyo n'kuibwezera pansi pa sutikesi, ndipo masana alionse ndikanapitiriza kumva kugogoda kuja ndekha.

"Mwina chinali chifuwa, Amayi. Mwina ndinali ine. Mwina zonse ziwiri. Chaka chonse ndakhala ndikuwerengera, sizikutuluka, ndipo sizidzatuluka. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinawatsekera, ndipo ndinabisa, ndipo lero ndinatsala pang'ono kubisanso mwana ali m'manja mwanu. Ngati mukufuna kundikalipira, ndikalipireni, ndakhala ndikudikira kuti wina atero. Koma bowo ili silitsekedwanso. Bedi tilikokere uko kuti mphepo isawombe mwana, akuluwa amuike pachifuwa, tiwafunditse awiriwo bulangete limodzi. Nkhuni ndizisankha ine. Lilime asaligwire wina. Madzulo moto uzizima tisanagone, ndipo chitseko ichi chizikhala chotsegula pang'ono, ngakhale kuzizire bwanji."

Amayi anakweza maso. Anali ofiira, ndipo sindinathe kuwerenga zimene zinali m'menemo. Kunja injini inalira.

"Chinanso," ndinatero, chifukwa mawu anali asanathe. "Mukabwerako kuchipatala, ndikufuna mundiuze za Bambo. Chilichonse, ngakhale za nsapato za pulasitiki. Ndatopa kuwakumbukira ndekha atagona."